Musanapite kunja ndi kafukufuku wa ku mkombaphala, konzani izi

Alezi ndi aphunzitsi a sukulu za mkombaphala muno mu Lilongwe akamva za msonkhano wa kunja, ambiri amayamba kufunsa za tikiti ndi alawansi. Funso loyenera kuyamba nalo ndi lakuti mukanena chiyani mukakaima pamaso pa anthu. Misonkhanoyo ilipo ndithu. Bungwe loona za maphunziro a ana ang'onoang'ono la OMEP, lomwe linakhazikitsidwa ku Prague mu 1948, limachititsa ya dziko lonse, bungwe linzake la AfECN la ku Nairobi limasonkhanitsa a mu Africa muno, ndipo mu Novembala 2022 UNESCO inaitanira maiko ku Tashkent kukakambirana za maphunziro ndi chisamaliro cha ana ang'onoang'ono. Kumeneko akadaulo a m'mayunivesite amakhala ochuluka kale. Amene amasowa ndi mlezi wokhala ndi ana pamkeka tsiku ndi tsiku, amene walemba mwadongosolo zimene waona.

Choncho ntchito imayambira pa kope ndi cholembera, miyezi yambiri msonkhano usanafike. Sankhani funso limodzi laling'ono. "Kakulidwe ka ana m'Malawi" si funso la mlezi, n'lalikulu kwambiri. Koma mungafunse kuti: kodi ana amabwera angati tsiku limene phala laphikidwa, nanga limene silinaphikidwe? Jambulani mizere m'kope, mulembe deti, anyamata angati, atsikana angati, phala linalipo kapena ayi. Siyani mpata kumapeto wolembapo zina zachitika tsikulo, monga maliro m'mudzi, mvula ya m'mawa kapena tsiku la msika, poti izinso zimachepetsa ana. Lembani teremu yonse, ndipo Januwale ndi Febuluwale, pamene chimanga chatha m'nkhokwe, asakupiteni. Tsiku limene mwaiwala kulemba lisiyeni lopanda kanthu. Osalidzaza ndi zongoganizira, chifukwa manambala opeka amaonekera munthu wozolowera akangoyamba kufunsa.

Kalembedwe kenikeniko n'kofunika kukaphunzira. "Mwana wachita bwino lero" sakuuza munthu kanthu. Lembani kuti mtsikana wa zaka zinayi anayala zotsekera mabotolo zisanu pansi, anawerenga mpaka zinayi, anaima, kenako anayambiranso akuloza chilichonse ndi chala. Ngati analankhula, lembani mawu ake momwe anawanenera. Mukafuna kuyeza kakulidwe ka mwana, musapange muyeso wanuwanu. Chilipo chida cha MDAT chomwe chinapangidwa kuno ku Malawi n'kusindikizidwa mu 2010, ndipo maiko ena anachitengera, koma chimafuna munthu wophunzitsidwa kagwiritsidwe ntchito kake.

Pali mbali imene ine ndimaiona kuti ndi yolemera kuposa zonse, ngakhale alezi amaipeputsa. Ambiri a inu munalandira maphunziro a masabata awiri okha, ena simunawalandire n'komwe, koma ntchito mukugwira. Ndiye kuti zambiri mumaphunzitsana nokhanokha. Chitani zimenezi mwadala. Muzikumana alezi a ma CBCC (sukulu za mkombaphala zoyendetsedwa ndi anthu a m'mudzi) oyandikana kawiri pamwezi, aliyense ndi kope lake, wina aziwerenga mokweza ena akumufunsa. Mukagwirizana kusintha chinthu, mwachitsanzo kugawa ana m'magulu a anayi pa nthawi ya nthano m'malo mowaunjika onse pamodzi, lembani deti limene mwayamba, chifukwa chake, ndi zimene zatsatira. Wina akayesa n'kulephera, zimenezonso zilowe m'kope. Anzanu a kunja amafunitsitsa kumva momwe alezi opanda malipiro amaphunzitsirana popanda wowalipirira chakudya kapena thiransipoti.

Musanalembe chilichonse chokhudza ana, pezani chilolezo. Yambani ndi komiti ya CBCC ndi amfumu, kenako makolo, ndipo a ofesi ya Social Welfare ya boma adziwe. Makolo muwauze m'Chichewa chomveka kuti zolembazo zikaonetsedwa kunja, ndiponso kuti amene wakana, mwana wake sachotsedwa pasukulu. Ngati mukugwira ndi yunivesite kapena mukufuna kudzasindikiza, funsani za chilolezo cha kafukufuku ku National Commission for Science and Technology muno mu Lilongwe musanayambe. Maina a ana asatuluke m'kope. Pojambula, tengani manja ndi zoseweretsa, monga galimoto ya dongo kapena mpira wa mapepala, nkhope ayi. Zithunzi za ana ausiwa zofuna kuti omvera agwidwe chisoni zisiyeni. Mwapita kukagawana nzeru, ndipo mwanayo ali ndi ulemu wake.

Okonza msonkhano amafuna chidule cha kafukufuku wanu, kawirikawiri cha mawu 250 mpaka 300 m'Chingerezi, ndipo amatseka kulandira kudakali miyezi ingapo. Nenani funso lanu, komwe munagwirira ntchito, zimene munachita, zimene munapeza. Kupempha wodziwa Chingerezi kuti akuwongolereni palibe cholakwika, bola dzina lanu likhale patsogolo ndipo alezi anzanu atchulidwe. Chenjerani ndi maimelo okuitanirani ku msonkhano umene simunaufunsirepo, amene amavomera chidule tsiku lomwelo n'kufulumira kupempha ndalama. Kaoneni kaye pa webusaiti ya bungwe lenilenilo. Mukavomerezedwa, funsani ngati amachotserako ndalama yolembetsera kwa ochokera maiko ngati lathu, kapena ngati n'zotheka kulankhula kudzera pa intaneti. Pasipoti, viza ndi khadi la katemera wa yellow fever, kumene likufunika, muziyambe msanga.

Nthawi yolankhula imakhala yochepa, mwina mphindi 15. Omvera sadziwa kuti ufa wa phala amasonkha ndi makolo, kuti munda wa sukulu amalima ndi anthu a m'mudzi, kapena kuti ana ena amaphunzirira pansi pa mtengo. Afotokozereni mwachidule, apo ayi manambala anu sawamvetsa. Musanene kuti "ku Malawi zili chonchi" pamene munaona ma CBCC atatu a ku Chitedze kapena ku Nathenje. Nenani malo ake ndi kuchepa kwake. Yeserani kaye pamaso pa alezi anzanu, wina atagwira foni akuwerenga nthawi.

Musananyamuke kupita ku bwalo la ndege la Kamuzu, gwirizanani ndi komiti tsiku lodzapereka lipoti mukabwerako. Lipotilo likhale la m'Chichewa, makolo amene anavomera aja aitanidwe, ndipo lipotilo lipitenso ku ofesi ya Social Welfare.