Khadi imodzi tsiku lonse pa metro, tramu ndi sitima

Mukafika mumzinda womwe amalipira ulendo pogunditsa khadi ya kubanki pa makina, monga ku London, sankhani khadi imodzi ndipo muyende nayo tsiku lonse. Makina amaphatikiza maulendo onse a khadi imeneyo, ndipo ndalama zikafika pa malire a tsikulo amasiya kukudulani. Koma mukalowa pogunditsa foni yolipirira n'kutuluka ndi khadi yapulasitiki, ngakhale akaunti ndi imodzi, makina amaona ngati ndinu anthu awiri, aliyense ndi ulendo wosamaliza. Mtengo wake ndi wapamwamba kwambiri, kawirinso.

Khadiyo muziitulutsa kaye m'chikwama. Makhadi akathithikana, makina amatha kuwerenga ina, apo ayi chitseko chimangokana kutseguka anthu atandandana kumbuyo kwanu.

Pa metro (sitima yamumzinda yoyenda pansi pa nthaka) ndi pa sitima zina gunditsani polowa ndi potuluka, ngakhale mutapeza zitseko zili zotsegula kapena siteshoni ilibe zitseko n'komwe. Ku London funani kamakina kachikasu cha potulukira. Ambiri ndalama zimawathera pamenepa. Tramu (kasitima koyenda m'misewu ya mumzinda) ya ku London ndi yosiyana: mumagunditsa pa pulatifomu musanakwere, basi.