Mmene mungasamalirire wodwala lupus kuno ku Mangochi

Lupus ndi nthenda imene chitetezo cha m'thupi chimatembenukira mwini wake n'kumawononga khungu, mfundo za mafupa, magazi ndi impso. Si HIV, sipatsirana, ndipo pa odwala 10 alionse, pafupifupi 9 ndi akazi. Achemwali anga ali nayo, ndiye zimene ndikulembazi ndi zomwe timachita pakhomo.

Yambani ndi kulemba. Ngati thupi likutentha kawirikawiri koma poyeza malungo sakupezeka, zala zikuuma m'mawa, tsitsi likuthothoka, m'kamwa muli zilonda, kapena masaya afiira kudutsa pamphuno, lembani tsiku lililonse m'kope, ndipo zotupa muzijambule pafoni. Pitani nazo kuchipatala pamodzi ndi buku lanu la kuchipatala, mupemphe kuti akuyezeni magazi ndi mkodzo. Akafuna kufufuza mozama, a pa Boma amatumiza ku Zomba Central kapena ku Queens ku Blantyre.

Pa mkodzo ndiye ndikuumirirani. Kuno kunyanja mkodzo ukasintha mtundu, aliyense amati ndi likodzo, amwa mankhwala basi. Koma lupus imadya impso mwakachetechete. Mkodzo ukamachita thovu, mapazi ndi m'zikope mukamatupa, uzani adokotala kuti ayeze puloteni mumkodzo ndi BP, ngakhale likodzo litapezekadi.

Dzuwa lathu lino limadzutsa nthendayi. Achemwali amachapa kunyanja kusanache bwino, ndipo kutembenuza usipa pathandala masana anasiyira ana. Kuyambira 10 koloko mpaka 4 koloko khalani pamthunzi. Potuluka valani malaya a manja aatali ndi chipewa chachikulu, mudzole mafuta oteteza ku dzuwa ngati omwe amadzola anzathu achialubino.

Mankhwala odalirika a lupus ndi hydroxychloroquine, m'bale wake wa chloroquine uja tinasiya kuchizira malungo mu 1993. Amatenga miyezi kuti ayambe kugwira, choncho musataye mtima. Pomwa mankhwalawa, maso muziwayezetsa monga adokotala anenera. Prednisolone, mankhwala ena amene adokotala amapereka pa lupus, amatupitsa nkhope, ndipo ambiri amamusiya chifukwa cha manyazi. Musamusiye mwadzidzidzi, ndi zoopsa. Amachepetsa pang'onopang'ono ndi adokotala. Brufen wa pagolosale musamwe mwachisawawa, amavulaza impso. Amene akufuna kutenga pakati ayambe wakambirana ndi adokotala, nthenda ikhale itagona miyezi 6.