Musanapereke dipoziti ya chipinda ku Joni, imvani zanga

Abale anga, nkhani ya pogona ku Joni kuno inandiliza, ndiye ndilankhula mosapsatira.

Nditatopa kupanikizana mumkhukhu (kachisakasa ka malata) ndi msuweni wanga ku Tembisa, ndinaona chipinda pa Facebook. Ku Rosettenville, R2,200 pamwezi, madzi ndi magetsi momwemo. Ejenti wake anali munthu wa tayi, wonunkhira bwino, makiyi mulu m'manja. Chipindacho anandionetsa ndithu: matailosi, shawa, zenera loyang'ana kumsewu. Kenako akuti pali ena awiri akuchifuna, ndikazengereza chipita. Mtima unathamanga. Ndinatulutsa R4,900, ya lendi, dipoziti ndi ina akuti ya mapepala, thukuta langa lotsuka magalimoto. Anandilembera pakapepala kong'amba m'kope n'kundipatsa kiyi.

Pa 1 ndinafika pagalimoto yahayala, matiresi pamwamba, mapoto m'chidebe. Kiyi osalowa. Anatsegula ndi mayi wina, mwana kumsana, n'kundiyang'ana mwachisoni. Ndinali wachitatu sabata imeneyo. Munthu uja sanali ejenti ayi, ankachita lendi pomwepo kale ndipo pochoka sanabweze makiyi, eni ake anachita kusintha loko. Foni yake inazima tsiku lomwelo. Kupolisi anandipatsa nambala ya mlandu, ndipo nambalayo ndi yokhayo yomwe ndinapeza.

Koma chomwe chimandiwawa mpaka lero si ndalamazo. Nditafotokoza kutchalitchi, Amalawi awiri anati, "Aa, wa tayi uja? Ifenso anatibera." Nanga munakhaliranji chete? Manyazi a chiyani? Timatumizirana mauthenga a maliro ndi mitengo ya mabasi opita ku Blantyre, koma wina akaberedwa amabisa ngati nthenda, wina akamva za chipinda chotsika mtengo amasungira mlamu wake amene sanatenge n'komwe pasipoti.

Ndiye tamverani. Musapereke ndalama musanaonane ndi mwini nyumba, mastandi weniweni, ndipo funsani oyandikana nawo kuti amalipira kwa ndani. Ejenti wovomerezeka amakhala ndi chiphaso chotchedwa Fidelity Fund Certificate. Akayamba kukwiya mukachifunsa, nyamukani. Lipirani kudzera kubanki, kapena tengani risiti yokhala ndi dzina ndi adiresi. Jambulani makoma, mipope ndi mita tsiku lolowa.

Nyumba zolandidwa za m'tauni, zija amatolera lendi anyamata apageti, musazilowe ngakhale zitchipe bwanji. Pa 31 Ogasiti 2023 nyumba ya Usindiso ku Marshalltown inapsa, anthu 76 anafa, Amalawi anzathu ali momwemo. Mkati munali timisasa ta matabwa, njira zothawira zotsekedwa. Mukalowa m'nyumba, yambani mwaona potulukira, kenako mufunse za lendi.

Wina akakuuzani kuti akugulitsani nyumba ya RDP (zija boma limamangira nzika zake zosauka) kapena akulowetsani pamndandanda wake, ndi mbava. Nyumba zimenezo si za ife a pasipoti, ndipo ngakhale mwini wake saloledwa kuigulitsa zaka 8 zisanathe. Kuchita lendi kachipinda ka kuseri kwake ndi nkhani ina.

Malamulo alipo, kungoti timawaopa. Rental Housing Act ya 1999 imati dipoziti isungidwe mu akaunti yopindula, ndipo ngati simunaononge kanthu ibwezedwe pasanathe masiku 7 mgwirizano wa lendi utatha. Landilodi akakana, kuli Rental Housing Tribunal, bwalo lomva madandaulo a za lendi, m'chigawo chilichonse, kudandaula n'kwaulere. Kukutulutsani m'nyumba kumafuna chigamulo cha khoti. Kusintha maloko kapena kudula magetsi pofuna kukuthamangitsani n'kulakwira lamulo. Ndikudziwa, amene mapepala ake anatha saponda kuofesi, ndipo malandilodi amadziwa zimenezo. Pamenepo pitani awiri kapena atatu, wina wa mapepala abwino akhale mboni.

Pagulu lathu la WhatsApp tsopano tinagwirizana: chipinda chikatsala, lembani dera, lendi, ngati magetsi ndi ogula mayuniti, ndiponso matakisi angati kukafika kuntchito, chifukwa chipinda chotchipa ku Orange Farm chimakudyani pa thiransipoti ngati mumagwira ku Sandton. Amene akusaka alembenso zomwe angakwanitse, ndi ana angati. Tinalumikizana ndi a ku Diepsloot ndi a ku Yeoville, mwakuti nambala ya mbava ikatuluka kuno, madzulo ili kale konseko. Ya wa tayi uja ndinaiika ndine, ndipo anayankha anthu asanu.