Haidrojeni akakwera m'mafuta a thiransifoma: momwe mungafufuzire partial discharge

Lipoti la ku labu la mafuta a thiransifoma lafika, ndipo pamzere wa H2 (haidrojeni) pali nambala yoposa ya chaka chatha. Mwini fakitale ku Chinika kapena mwini famu ku Makeni, kuno ku Lusaka, amangofunsa chimodzi: tizimitse kodi? Nambala ya haidrojeni payokha singayankhe funsolo. Imangokuuzani kuti yambani kufufuza.

M'thiransifoma, mawaya amakulungidwa ndi pepala n'kumizidwa m'mafuta. Pepalalo likakhala ndi kampata ka mpweya kapena chinyontho, magetsi amathetheka m'kampatako osalumpha mtunda wonse kufika pa chitsulo. Partial discharge ndi imeneyo. Kuthethekako kumaswa mafuta, n'kutulutsa haidrojeni wambiri ndi methane pang'ono. Kumadya pepala mwakachetechete ngati chiswe m'mitengo ya denga.

Ntchito yonse ili m'munsiyi ndi ya munthu wophunzira zamagetsi wokhala ndi chilolezo. Ngati thiransifomayo ndi ya ZESCO, musaikhudze, adziwitseni eni ake.

1. Tenganinso mafuta, ndipo muwatenge bwino

Apa m'pamene ambiri amalakwitsa. Haidrojeni sakhalitsa m'mafuta, amathawa msanga kuposa mipweya inayo. Mukathira mafuta m'botolo la pulasitiki la madzi akumwa n'kuliika m'galimoto padzuwa la Okutobala, labu idzapeza nambala yotsika, inu n'kumagona tulo pomwe vuto lilipo.

Gwiritsani ntchito sirinji yagalasi ya 50 ml yokhala ndi vavu ya njira zitatu. Pukutani pakamwa pa vavu ya pansi pa thanki, tulutsani kaye mafuta oyamba m'chidebe kufikira atayera, kenako tsukani sirinjiyo ndi mafuta omwewo. Podzaza musakoke ndi dzanja. Lolani mafutawo akankhe okha, pang'onopang'ono, kuti mphepo isalowe. Thovu lolowa podzaza litulutseni pomwepo. Koma kathovu kakaoneka pambuyo pake, mafuta atazizira, musakatulutse: mwina ndi haidrojeni yemwe mukumufunayo. Ikani sirinji m'bokosi losalowa kuwala ndipo ifike ku labu mwachangu.

Lembani tsiku, kutentha kwa mafuta ndi katundu wa magetsi amene thiransifoma inanyamula. Kuno ku Lusaka zimenezi n'zofunika kwambiri. Thiransifoma yomwe yakhala yozima maola ambiri, monga zinkachitikira mu 2024 madzi atachepa ku Kariba, imazizira, ndipo chinyontho chimachoka m'mafuta n'kubwerera m'pepala. Mukatenga mafuta malaiti atangobwera, adzaoneka ouma pomwe pepala lanyowa. Dikirani itenthe.

2. Muwerengeni haidrojeni pamodzi ndi anzake

Muyezo wa IEC 60599 umaonetsa kuti m'mathiransifoma ambiri ogwira ntchito bwino haidrojeni sapitirira malire apakati pa 50 ndi 150 ppm (magawo pa miliyoni). Kupitirira pamenepo si chigamulo. Gawani methane ndi haidrojeni: yankho likakhala pansi pa 0.1, ndipo ethylene pogawa ndi ethane ili pansi pa 0.2, zikuloza ku partial discharge. Mwachitsanzo, haidrojeni 600 ndi methane 40 zimapereka pafupifupi 0.07.

Ethylene wambiri amasonyeza malo otentha kwambiri. Carbon monoxide akamakwera limodzi, pepala likupsa. Acetylene ndiye woopsa, chifukwa amabadwa pa moto weniweni wa magetsi olumpha. Akaoneka pomwe kale kunalibe, nkhani yasintha ndipo si yodikiranso.

Malabu ambiri amaikanso chithunzi cha Duval Triangle, njira ya Michel Duval wa ku Hydro-Québec yodziwira mtundu wa vuto poyerekeza mipweya itatu. Dziwani kuti Triangle 1 imagwiritsa ntchito methane, ethylene ndi acetylene basi, haidrojeni mulibe. Pa vuto lathuli pemphani Triangle 4, yomwe imatenga haidrojeni, methane ndi ethane.

3. Onani liwiro

Tenganinso mafuta pakatha masabata awiri kapena anayi, mutumize ku labu yomweyo. Ine ndimaopa thiransifoma yomwe yachoka pa 60 kufika pa 140 m'mwezi umodzi kuposa yomwe yakhala pa 300 kwa zaka zitatu osasuntha.

4. Funsani ngati haidrojeni sakuchokera kwina

Si haidrojeni yense amene amachokera pa kuthetheka. Mafuta ena amatulutsa okha mpweyawu akatenthedwa ngakhale pansi pa 200°C, zomwe amazitcha stray gassing, ndipo Triangle 4 inapangidwira kusiyanitsa zimenezi. Madzi okhala pansi pa thanki akamachititsa dzimbiri amatulutsanso haidrojeni, chimodzimodzi zitsulo zina zokutidwa ndi zinki.

Choncho yendani mozungulira thiransifomayo. Silica gel, timiyala toyamwa chinyontho pa breather (popumira thiransifoma), ali bwanji? Wabuluu akasanduka pinki, wakhuta madzi. Thiransifoma ikamazima ndi kuyaka tsiku ndi tsiku imapuma kwambiri: ikazizira imakoka mphepo yakunja, ndipo kuyambira Novembala mphepoyo imakhala yachinyontho. Onani mlingo wa mafuta mu conservator (kathanki ka mafuta ka pamwamba), chifukwa kudontha kapena akuba mafuta angasiye mawaya pamtunda. Pemphani labu iyeze madzi m'mafuta mwa njira ya Karl Fischer, komanso breakdown voltage (mphamvu ya magetsi imene mafuta amapirira magetsi asanalumphe) motsatira IEC 60156, pa mpata wa 2.5 mm.

Ngati Buchholz relay (chida chochenjeza chomwe chimasonkhanitsa mpweya pa paipi yopita ku conservator) yalira, tengani mpweya wosonkhanamo ndi sirinji mukauyezetse. Zoyatsa machesi pa vavu kuti muone ngati uyaka, chonde zilekeni. Haidrojeni amaphulika. Relay ikazimitsa yokha thiransifoma, musayatsenso musanayeze.

5. Pezani pomwe pakuthetheka

Mafuta amanena kuti vuto lilipo koma sanena malo. Apa mufunika katswiri wokhala ndi zida. Timasensa ta acoustic timamatidwa kunja kwa thanki n'kumamva kuthethekako, ndipo poyerekeza nthawi imene phokoso lafika pa kasensa kalikonse amaloza mbali yake. Palinso sensa ya HFCT yomangidwa pa waya wa earth, yomva magetsi a kuthethekako, ndi sensa ya UHF yolowetsedwa pa vavu ya mafuta, yomva mafunde ake a wailesi. Kuyeza kwa IEC 60270 kumapereka kukula kwake mu picocoulomb, koma kumasokonezeka msanga ndi phokoso la magetsi a pa sabusiteshoni.

Musanyengedwe ndi kulira kwa ma bushing (timizati todutsitsa mawaya kulowa m'thanki) afumbi, makamaka mvula yoyamba ikagwa pa fumbi la chilimwe. Kumeneko n'kuthetheka kwa kunja, ndipo sikuika haidrojeni m'mafuta a m'thanki.

6. Gamulani

Haidrojeni akaima ndipo acetylene palibe, pitirizani kugwira ntchito, muziyeza pafupipafupi. Ngati chinyontho ndicho gwero, sinthani silica gel, tsekani modontha, ndipo umitsani pepala lenilenilo, osati mafuta okha. Akamakwerabe ndipo zida zatsimikiza kuthetheka mkati, konzani tsiku lozimitsa kuti akatswiri atsegule.

Kusefa mafuta ndi makina ochotsa mpweya kumatsitsa nambala pa lipoti, koma kampata kaja kamakhala kalipobe. Mukasefa, tengani mafuta atsopano akhale poyambira, lembani tsikulo m'buku la thiransifoma, ndipo muyezenso pakatha mwezi.