Momwe mungalondolozere ndalama za pakhomo m'masiku ano ogula tsiku ndi tsiku

Pamene kwacha inalowa m'malo mwa paundi mu 1971, mabanja ambiri olandira malipiro ankagula katundu kamodzi pamwezi: shuga, sopo, mchere ndi palafini ku sitolo, pomwe chimanga chinkachokera m'nkhokwe kapena ku ADMARC. Lero ndalama zimatuluka m'thumba pang'onopang'ono tsiku lililonse, ndipo n'chifukwa chake mwezi usanathe ambirife timasowa chonena tikafunsidwa kumene zapita.

Yambani ndi kope. Kwa mwezi wathunthu lembani chilichonse chimene mwagula, ngakhale mulu wa tomato kapena kajumbo ka makala, ndipo muzilemba tsiku lomwelo musanagone. Musaiwale zimene agogo athu sankalipira konse: mayunitsi a foni, bandulo ya intaneti, kabaza, komanso ndalama zimene zimadulidwa mukamatumiza kapena kutapa pa Airtel Money ndi Mpamba. Ndalama zodulidwazi zimaoneka zochepa, koma amene amatapa kasanu pa sabata adzadabwa akaziwonkhetsa.

Mwezi ukatha, khalani pansi nonse awiri ngati muli pabanja, muwonkhetse zimene munagula mobwerezabwereza. Apa ndi pamene pagona nkhani, chifukwa ufa wa m'timajumbo ndi mafuta ophikira oyeza pang'onopang'ono zimadya ndalama zambiri kuposa thumba la chimanga la makilogalamu 50 kapena botolo lathunthu. Ngati mungakwanitse, gulani chimanga pakati pa Epulo ndi Juni anthu akamakolola, muchithire mankhwala oteteza ku anankafumbwe, m'malo modikira Januwale pamene mtengo umakhala utakwera. Ngati thumba likukulemerani nokha, sonkherani ndi mnansi wokhulupirika n'kugawana.

Ine ndimalangiza kuti zinthu zosaonongeka msanga, monga sopo ndi mchere, muzigula malipiro akangofika. Kwacha inachepetsedwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022 ndiponso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndipo amene anasunga ndalama m'nyumba anapeza kuti sizikugulanso zomwe zinkagula dzana.

Sukulu ya pulayimale ya boma inakhala yaulere mu 1994, komabe yunifomu ndi makope zimafuna ndalama teremu iliyonse. Ndalama zimenezi, pamodzi ndi za maliro ndi matenda a achibale, muziponya ku banki m'khonde sabata ndi sabata, kuti tsiku la vuto musathamangire kwa akatapila.