Kwa a kwathu ku Mulanje amene mukusowa phiri kunja kuno

Ife amene tinakulira ku Likhubula, ku Chitakale kapena ku Muloza, phiri tinkaliona ngati khoma la nyumba yathu. Nditasamukira ku Glasgow, miyezi itatu sinathe ndisanayambe kulisowa. Ndikudziwa kuti alipo ena a kwathu ku Dublin, ku Sheffield ndi ku Joni amene mtima ukuwatero.

Kukwera kwathu kuja, kotsata njira ya Skyline kupita ku Chambe kapena kukaponda pa Sapitwa, pamwamba pa mamita 3,002, n'kwa miyendo ndi mpweya. Zimenezo muli nazo kale. Koma thanthwe lakumadzulo la Chambe, lotalika mamita pafupifupi 1,700, ambirife tinkangoliyang'ana, olikwera ndi zingwe anali alendo. Chingwe ndi luso lina, ndipo chimafuna munthu wokuphunzitsa. Choncho mukafika mumzinda watsopano ndipo mukufuna kuyamba kukwera ndi zingwe, musathamangire kusitolo kukagula zida. Yambani mwapeza anthu.

Anthuwo amapezeka kumakoma okwera a m'nyumba. Lembani "climbing wall" kapena "climbing gym" pa Google Maps. Yambani ndi bouldering: makoma afupiafupi, opanda chingwe, pansi pali matiresi. Nsapato mumabwereka pomwepo, ndipo zimathina dala kuti chala chigwire pakamwala kakang'ono. Kenaka lipirani maphunziro a belay, kutanthauza kugwirira mnzako chingwe iye ali m'mwamba. Apa musadumphe. Tsiku limene mayi wina wachikulire anandipatsa chingwe chake n'kunena kuti "mwandigwira?", manja anga anatuluka thukuta. Ndinazindikira kuti moyo wa munthu uli m'manja mwanga.

Mukazolowera, lowani kalabu. Ku England ndi Wales makalabu mungawapeze kudzera ku British Mountaineering Council, ku Scotland kuli Mountaineering Scotland, ku Ireland kuli Mountaineering Ireland. A ku Joni ndi ku Cape Town funsani za Mountain Club of South Africa, yomwe inayamba mu 1891. Ubwino wa kalabu kwa ife obwera ndi woti galimoto mumakwera ya anzanu n'kusonkherana ya mafuta, zingwe mumayamba mwagwiritsa zawo, ndipo iwo ndi amene amadziwa malo ofunika chilolezo cha mwini. Ndi iwowo amene angakutengereni ku Stanage Edge kufupi ndi Sheffield, ku Dalkey Quarry kufupi ndi Dublin, kapena ku Magaliesberg ndi Waterval Boven ku South Africa.

Tsono za ayezi, abale anga, mvetsetsani. Chiperoni timachidziwa, ndipo mu Juni ku Lichenya madzi amatha kuundana usiku, koma kuzizira kwa pa Ben Nevis, phiri la ku Scotland, mu Januwale ndi kwina. Phirilo ndi la mamita 1,345 okha, silifika ngakhale theka la Sapitwa, n'chifukwa chake ndinalipeputsa. Ulendo woyamba ndinavala malaya a thonje m'kati. Ananyowa ndi thukuta pokwera, ndipo titaima ndinayamba kunjenjemera osaleka. Zala zinachita dzanzi, magazi pobwerera zinapweteka mpaka misozi. Valani zaubweya kapena zosasunga madzi, zingapo zosanjikiza, ndipo magolovesi tengani mapeyala awiri.

Tinkhwangwa ta ayezi ndi crampons, zitsulo zaminga zomangirira kunsapato, bwerekani kaye ndipo muphunzire kwa mlangizi wokhala ndi ziphaso. Ku Scotland nyengo yake imayamba cha mu Disembala mpaka Malichi kapena Epulo. Musananyamuke werengani lipoti la Scottish Avalanche Information Service, lonena za malo amene chipale chingagumuke. Kumbukiraninso kuti mu Disembala 4 koloko madzulo kumakhala kutada, tochi yapamutu isatsale. A ku South Africa, ayezi wanu ali ku mapiri a Drakensberg, mbali ya Giant's Castle, m'miyezi ya Juni mpaka Ogasiti.

Kwathu sitikwera Sapitwa popanda gaidi komanso osatsanzika. Kunonso uzani munthu kumene mukupita ndi nthawi yobwerera. Zikavuta muli m'mapiri a ku UK, imbani 999, pemphani apolisi, ndipo muwauze kuti mukufuna Mountain Rescue.