Mwana akatsegula m'mimba: zochita pakhomo musanagule makapisozi

Mvula ikangoyamba kuno ku Mzuzu, zitsime zosavindikira za m'madera ngati Masasa ndi Chibavi zimalowa zonyansa, ana n'kuyamba kutsegula m'mimba. Makolo ambiri amathamangira makapisozi opha mabakiteriya ngati Bactrim kapena Flagyl. Musanatero, dziwani kuti m'matumbo mwa mwana wathanzi muli kale mabakiteriya osawerengeka. Amathandiza kugaya chakudya, amapanga vitamini K, komanso amatsekera malo tizilombo toyambitsa matenda. Kapisozi sasankha, amapha abwino ndi oipa omwe. Komanso mwa ana aang'ono, kutsegula m'mimba nthawi zambiri kumabwera ndi mavairasi ngati rotavirus, omwe mankhwalawa sawakhudza n'komwe. Choopsa chenicheni ndi kutha kwa madzi m'thupi.

Yambani ndi madzi. Wiritsani, kapena thirani chivindikiro chimodzi cha WaterGuard mu ndowa ya malita 20, mudikire mphindi 30. Sungunulani paketi imodzi ya Thanzi (ORS, ufa wobwezeretsa madzi m'thupi) mu lita imodzi ya madziwo. Mabotolo awiri a 500 ml akukwana, musayese ndi maso. Pachipatala cha boma ngati cha Mapale, ORS amapereka ulere akakhalapo. Ngati mulibe, thirani timasupuni 6 tosasefukira ta shuga ndi theka la kasupuni ka mchere mu lita yomweyo.

Pomwetsa ndi pamene zinatisokonekera ife. Mwana wanga anali ndi ludzu, anagugudiza kapu yonse, n'kusanza zonse nthawi yomweyo. Anthu pakhomo anati Thanzi wakana, wina n'kubwera ndi makapisozi ogula kwa wogulitsa wina pamsika, opanda paketi, opanda deti, okhala padzuwa tsiku lonse. Mlangizi wa zaumoyo wa m'dera lathu ndi amene anatiletsa. Anati mwana akasanza, dikirani mphindi 10, kenako muyambirenso ndi supuni, imodzi pa mphindi iliyonse kapena ziwiri. Zimatopetsa, mwana amalira, mtima umafuna kusiya. Musasiye. Ngakhale asanze, madzi ena amakhala atalowa. Wosakwana zaka 2 amwe 50 mpaka 100 ml akangochita chimbudzi chamadzi, wamkuluko amwe 100 mpaka 200 ml. Akayambanso kukodza bwino, mwadziwa kuti zikuyenda. Zotsala mutaye pakatha maola 24.

Mapiritsi a zinc musawaiwale: 20 mg tsiku lililonse kwa masiku 10 mpaka 14, theka lake kwa khanda losakwana miyezi 6. Ambiri amasiya m'mimba mukangoima, pomwe masiku otsalawo ndi amene amakonza matumbo.

Pitirizani kuyamwitsa, chifukwa mkaka wa m'mawere umadyetsanso mabakiteriya abwino aja. Wamkulu adye phala, nthochi, ndi chambiko chopangidwa ndi mkaka wowiritsa. Zakumwa zotsekemera za m'botolo ayi, zimawonjezera vuto.

Sambani m'manja ndi sopo, matewera achapidwe padera, chimbudzi cha mwana chitayidwe m'chimbudzi. Onaninso kabuku ka kusikelo ngati analandira katemera wa rotavirus, amene anayamba kuperekedwa m'Malawi mu 2012.

Mukaona magazi m'chimbudzi, maso olowa, mwana wofooka wosatha kumwa, kapena chimbudzi choyera ngati madzi otsukira mpunga chomwe chingakhale kolera, nyamukani kupita kuchipatala, Thanzi akumwera m'njira. Ngati pakufunika makapisozi, adokotala ndi amene alembe.